Mbusa John Chilembwe: Zomwe adaziona ku America ndi khomo lomwe adamanga ku Mbombwe

BLANTYRE – Chaka chilichonse pa 15 January maofesi a boma amatsekedwa pokumbukira Mbusa John Chilembwe, ndipo zolankhula za tsikuli kawirikawiri zimakhazikika pa masiku 12 otsiriza a moyo wawo, kuyambira usiku wa pa 23 January 1915 pomwe anthu awo adaukira azungu ku Magomero, kufikira pa 3 February pomwe iwo adawomberedwa m'dera la Mulanje. Chomwe sichikambidwa kwenikweni n'chakuti mbusayu adakhala ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, pafupifupi zaka 15 nkhondoyo isadachitike, ndipo m'zaka zonsezo ndale zawo zinkaonekera pakhomo: m'kavalidwe, m'kamangidwe ka nyumba, m'maphunziro a ana ndi amayi. Maganizo ambiri omwe ankayendetsera khomolo adawatenga kwa anthu akuda a m'dziko la America.

A Chilembwe adabadwira ku Sangano, m'boma la Chiradzulu, cha m'ma 1871. Bambo awo adali Myao ndipo mayi awo, a Nyangu, adali Mmang'anja. Adaphunzirako pang'ono pansi pa mishoni ya Church of Scotland ya ku Blantyre, koma moyo wawo udatembenuka m'chaka cha 1892 pomwe adalowa ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, Mngelezi wa mpingo wa Baptist yemwe adali atangofika kumene kuchokera ku Australia. A Booth adali atafedwa mkazi, ndipo adabwera ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 9, Emily. Adatsegula mishoni ya Zambezi Industrial ku Mitsidi, kumunsi kwa phiri la Michiru, kupitirira komwe lero kuli Chilomoni.

Khomo la a Booth lidali losiyana ndi makomo ena a azungu a nthawiyo. Mwini wake ankalipira antchito malipiro okwera kuposa amishoni anzake ndi eni minda, zomwe zidamudanitsa nawo, ndipo sankabisa maganizo ake akuti dziko la Africa liyenera kukhala m'manja mwa eni ake. A Booth akachokapo pa maulendo awo osatha, Emily ankatsala m'manja mwa a Chilembwe, omwe ankamuphikira ndi kumudwazika malungo akamugwira. Patadutsa zaka 60, mayiyu, atakwatiwa n'kukhala Emily Langworthy, adalemba buku lotchedwa This Africa Was Mine, momwe amamukumbukira mnyamatayo ngati munthu wachifundo ndi wokhulupirika. A Chilembwe adabatizidwa pa 17 July 1893.

M'chaka cha 1897 awiriwa adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Ukapolo udali utathetsedwa m'dzikolo m'chaka cha 1865, ndipo malamulo adali atapereka unzika ndi ufulu wovota kwa amuna akuda, koma m'zigawo za kummwera maufuluwo ankalandidwa limodzilimodzi. Chaka chimodzi a Chilembwe asadafike, mu 1896, khothi lalikulu la dzikolo lidagamula pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson kuti sikulakwa kupatula akuda ndi oyera m'masitima. Anthu akuda ankaphedwa ndi magulu a anthu popanda kuzengedwa mlandu. Mu November 1898, mumzinda wa Wilmington ku North Carolina, azungu onyamula mfuti adachotsa khonsolo yosankhidwa ndi anthu, n'kupha akuda ambiri. A Chilembwe eni adalawako zimenezi mumzinda wa Richmond, komwe anyamata achizungu adawagenda pamodzi ndi a Booth chifukwa chongoyendera limodzi, wakuda ndi woyera.

Posakhalitsa a Booth adawasiya m'manja mwa Mbusa Lewis G. Jordan wa bungwe la National Baptist Convention, lomwe lidali la mipingo ya anthu akuda okhaokha. Bungweli lidawalipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Apa m'pomwe pali phata la nkhani. Mkulu wa sukuluyi, Gregory W. Hayes, adali pa mkangano waukulu ndi bungwe la azungu a kumpoto la American Baptist Home Mission Society, lomwe linkathandiza sukuluyo ndi ndalama koma linkafunanso kuilamulira. A Hayes adakana. Iwo ankati anthu akuda angathe kuyendetsa okha sukulu zawo ndi ndalama zosonkha okha, ngakhale zichepe, ndipo mkanganowo udagawa Abaptist akuda a ku Virginia m'chaka cha 1899, a Chilembwe ali pasukulu pomwepo. Mnyamata yemwe kwawo adazolowera kuona mzungu yekha akutsogolera mpingo adaona ndi maso aphunzitsi, abusa ndi eni masitolo akuda akukana thandizo lodza ndi chingwe.

Nthawi yomweyo dzina la Booker T. Washington wa ku Tuskegee lidali pakamwa pa aliyense. Iye ankaphunzitsa kuti wakuda ayambe wadziwa ntchito za manja, akhale ndi munda, nyumba yabwino ndi ndalama zake, za mavoti zidzabwera pambuyo. Ena ankamutsutsa kuti akugonjera tsankho. A Chilembwe adatola ku mbali zonse ziwiri: kwa a Washington adatengako sukulu yophatikiza Baibulo ndi khasu, kwa a Hayes adatengako mtima wosafuna woyang'anira wachizungu.

Adabwerera kumudzi m'chaka cha 1900 ali mbusa wodzozedwa, nagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, komwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission. Abale a ku America sadawataye. Mu 1901 kudafika Mbusa Landon N. Cheek, ndipo chaka chotsatira kudafika Mayi Emma B. DeLany, omwe adaphunzira pa Spelman mumzinda wa Atlanta. A Cheek adakwatira Rachel, wachibale wa a Chilembwe, kotero kuti ubale wa Mbombwe ndi America udasanduka wa chikwati. Mayi DeLany adayambitsa kagulu ka amayi ndi maphunziro a zosokasoka, ntchito yomwe idadzatsala m'manja mwa Mayi Ida Chilembwe, mkazi wa mbusayo, alendowo atabwerera kwawo cha m'ma 1906.

Zithunzi zomwe zidatsala zikuonetsa momwe banjali linkadzionera. Abusa avala suti, kolala ndi nsapato. Mayi Ida avala diresi lalitali la manja, mwana ali pambali. Wowerenga wa lero akhoza kuseka n'kunena kuti uku kudali kutengera azungu, koma m'Nyasaland wa nthawiyo chovala chidali nkhani ya ndale. Munthu wakuda ankayembekezeredwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira, ndipo eni minda ena ankakwiya kuona wantchito atavala nsapato. Mabanja a anthu akuda ophunzira a ku Virginia ankagwiritsa ntchito ukhondo wa pakhomo, nyumba ya njerwa ndi mwana wodziwa kuwerenga ngati yankho kwa omwe ankati wakuda ndi munthu wosakwanira, ndipo a Chilembwe adabwera nalo yankho lomwelo. Ankalimbikitsa akhristu awo kuvala bwino, kupewa mowa, kulima thonje ndi khofi, ndi kutumiza ana aakazi kusukulu. Chithunzi china cha mu 1914 chikuwaonetsa ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pakhomo pa tchalitchi, onse awiri zipewa zili kumutu. N'chithunzi chimenechi chomwe katswiri wa zosemasema wa kuno kwathu, Samson Kambalu, adatengera chiboliboli chomwe chidaimikidwa pa Trafalgar Square ku London m'chaka cha 2022.

Pofika 1912 mishoniyi idali ndi sukulu 7, ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu ophunzira 800, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa chidatha kumangidwa mu 1913. Anthu monga a Duncan Njilima, wamalonda, ndi a John Gray Kufa, omwe adaphunzira zachipatala ku mishoni ya Blantyre n'kukhala ndi munda wawo, adali m'gulu la anthu akuda odziimira omwe ankagwirizana ndi abusawa. Ana awiri a a Njilima adapita kukaphunzira ku America kudzera mwa a Cheek.

Vuto lidali lakuti njira ya a Washington imafuna boma lolola munthu wakuda kukwera, pomwe Mbombwe adachita malire ndi minda ya A. L. Bruce ya ku Magomero. Kumeneko anthu, makamaka Alomwe omwe adathawa nkhanza ndi njala ku Mozambique, ankagwira thangata: ntchito ya miyezi yolipirira malo okhala ndi msonkho wa nyumba, yomwe kawirikawiri inkatalikitsidwa mwachinyengo. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi chikoti, ndipo eni mindayo sankalola sukulu pamalo awo. Matchalitchi audzu omwe akhristu a PIM ankamanga kumeneko ankatenthedwa. Anthu ankabwera kudzadandaula kwa abusa awo, abusawo n'kukatula madandaulowo kwa akuluakulu a boma, koma palibe chomwe chidasintha. Kunyumba nakonso zinthu sizidali bwino. Ngongole zidachuluka, thandizo la ku America lidachepa, mwana wawo wamkazi adamwalira, ndipo iwo eni ankavutika ndi mphumu komanso maso.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika ku Karonga mu September 1914, ndipo asilikali akuda adafa pomenyera Angelezi ndi Majeremani. Mu November chaka chomwecho a Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yotsutsa kutengera Aafrica ku nkhondo yosawakhudza. Mfundo yaikulu ya kalatayo idali ya pabanja: nthawi ya mtendere wakuda sawerengeredwa, koma nthawi ya nkhondo amafunika kuti akafe, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda kalikonse, omwe boma lidzawafunabe msonkho. Adati olemera ndi eni chuma ndiwo apite kukamenyana. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo lidayamba kukonza zowathamangitsa m'dziko muno.

George Simeon Mwase, yemwe adalemba za kuukiraku kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, adati pamisonkhano yokonzekera a Chilembwe ankatchula John Brown, mzungu wa ku America yemwe mu 1859 adaukira nkhokwe ya mfuti ya boma ku Harpers Ferry pofuna kumasula akapolo, n'kunyongedwa. Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana pa kulemera kwa umboni wa a Mwase, koma kufanana kwa zochitikazo n'koonekeratu. Usiku wa pa 23 January 1915 gulu lina lidapita ku Magomero ndi ku Mwanje, ndipo lina lidayenda ulendo wa ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Anthu a ku Soche ndi Zingwangwa omwe amadutsa pa Mandala polowa m'tauni amadutsa pamalo pomwe chikonzero chonsecho chidagwera: oukirawo adapeza mfuti zowerengeka chabe, mlonda wachikuda adaphedwa, ndipo ena mwa iwo adagwidwa n'kuwomberedwa.

Za ku Magomero siziyenera kuphimbidwa. A Livingstone adaphedwera m'nyumba mwawo, mkazi ndi ana awo ali momwemo, ndipo mutu wawo udaikidwa m'tchalitchi ku Mbombwe pa mapemphero a Lamulungu lotsatira. Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso. Munthu yemwe adathera zaka zambiri akuphunzitsa ulemu wa khomo adatuma anthu kukakhetsa mwazi pakhomo pa mnzake, ndipo palibe chifukwa chokometsera zimenezo. Komabe lamulo lawo loti amayi ndi ana asakhudzidwe lidatsatidwa. Adatengedwa usikuwo n'kumasulidwa patapita masiku ochepa ali bwinobwino. Pa 26 January mishoni ya Katolika ya Nguludi idatenthedwa, gulu la a Filipo Chinyama ku Ntcheu silidapite patali, ndipo mafumu ambiri sadalowerere. A Chilembwe adaphedwa ndi apolisi akulowera ku malire a Mozambique.

Chilango chidagwa pa mabanja omwewo omwe mishoni idawakweza. Anthu pafupifupi 40 adaphedwa ndi boma, kuphatikizapo a Njilima ndi a Kufa, ena pafupifupi 300 adatsekeredwa m'ndende, midzi idatenthedwa, ndipo tchalitchi cha njerwa chija chidaphulitsidwa ndi asilikali. Mayi Ida adatsala ndi ana aamuna awiri, ndipo adamwalira pa mliri wa fuluwenza wa mu 1918. Bungwe lofufuza lomwe boma lidakhazikitsa lidamva madandaulo a thangata, chikoti ndi chipewa kuchokera kwa Aafrica ophunzira, lidadzudzula kayendetsedwe ka minda ya Bruce, koma thangata adapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1960. Atsamunda adaphunzirapo china: kukayikira wakuda aliyense wochokera ku America.

Mmodzi mwa omwe adakumana ndi chikayiko chimenechi adali Dr. Daniel Sharpe Malikebu, mwana wa sukulu ya ku Mbombwe yemwe adatsatira Mayi DeLany ku America n'kumaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville mu 1917. Atayesa kubwerera kwawo mu 1921 pamodzi ndi mkazi wawo Flora, wobadwira ku Congo ndi wophunzira pa Spelman, boma lidawakaniza, ndipo adakagwira ntchito ku Liberia. Adaloledwa mu 1926, ndipo banjali lidatsegulanso Providence Industrial Mission ndi thandizo la National Baptist Convention, bungwe lomwe lija lidalipirira a Chilembwe sukulu ku Lynchburg.