William Koyi (1846-1886): Mlaliki Amene Anadikira pa Khomo la Angoni

Mwa antchito amene Mulungu anawatuma kudzabzala Mpingo m'dziko la Malaŵi, alipo mmodzi amene sanadzozedwe ubusa, ndipo anamwalira asanaone ngakhale Mngoni mmodzi akubatizidwa. Komatu kudzera mwa iyeyu Uthenga Wabwino unaloŵa m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Dzina lake ndi William Koyi.

Bambo Koyi anali a mtundu wa Axhosa, ndipo anabadwa m'chaka cha 1846 kummaŵa kwa dziko la Cape ku South Africa. Pa unyamata wao anagwira ntchito yoyendetsa ngolo za ng'ombe, kenaka nakaloŵa ntchito ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth. Kumeneko anatembenuka mtima. Pofuna kudziŵa bwino Mau a Mulungu, m'chaka cha 1871 anayenda pansi ulendo wautali kupita ku sukulu ya Lovedale, kumene anayamba maphunziro ali kale munthu wamkulu. M'kalasi sanali opambana anzao, koma aphunzitsi anaona mwa iwo mtima wofatsa ndi wokhulupirika.

M'chaka cha 1876 Dr James Stewart, mkulu wa Lovedale, anapempha ophunzira kuti ena adzipereke kukathandiza Mishoni ya Livingstonia, imene inali itangoyamba ku Cape Maclear chaka chapitacho. Anasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Wauchope anadwala nabwezedwa kwao. Mngunana anamwalira ku Cape Maclear mu 1877. Ntintili, atatumikira ku Blantyre, anabwerera kwao mu 1880. Chotero mwa anayi aja, amene anakhalitsa pa ntchitoyo ndi a Koyi okha.

Mphatso yao yaikulu inaonekera pamene Dr Robert Laws anayamba kuyendera Angoni mu 1878. Popeza Chixhosa ndi Chingoni n'zapachibale, a Koyi ankamvana ndi Angoni popanda womasulira, ndiponso ankadziŵa mwambo wa pabwalo la inkosi: nthaŵi yolankhula, nthaŵi yokhala chete, ndi ulemu woyenera nduna. Angoni anawatcha Mtusane, pakuti anali mkhalapakati wa iwo ndi Azungu a Mishoni.

M'chaka cha 1882 a Koyi anakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu. Apa ndipo pamene chikhulupiriro chao chinayesedwa. M'mbelwa ndi nduna zake anawalola kukhala ndi kulalikira, koma za sukulu anakaniratu. Ankaopa kuti ana akaphunzira adzakana kugwira mkondo ndi chishango, ndipo ufumu udzafooka. Analinso ndi mkwiyo chifukwa Mishoni inamanga ku Bandawe pakati pa Atonga, amene ambiri a iwo anali atathaŵa m'manja mwa Angoni. Nthaŵi zambiri mphekesera za nkhondo zinkamveka, ndipo moyo wa a Koyi ndi wa mnzao James Sutherland unali pa ngozi.

Zaka zinayi zinapita khomo lili chitsekere. Munthu wina akanapempha kuti amsamutsire ku nyanja kumene sukulu zinali kudzaza ndi ana. Winanso akanatsegula sukulu mwamakani, nawononga ntchito yonse tsiku limodzi. A Koyi sanachite zonse ziŵirizi. Komanso kudikira kwao sikunali kungokhala manja lende. Ankayendera midzi, kukhala pansi ndi akuluakulu, kumva milandu, kuziziritsa mitima pamene mikangano yabuka, ndi kulalikira pa Sabata kwa ochepa amene anabwera. Anyamata angapo, ana a sing'anga wa kwa Tembo, anayamba kufika usiku mobisa kudzaphunzira kuŵerenga. Mu 1885 anafika Dr Walter Elmslie, ndipo m'chaka chomwecho Sutherland anamwalira naikidwa pa Njuyu.

Kuchiyambi kwa 1886 mvula inakana, ndipo nsembe zonse za makolo zinalephera. Nduna zinapempha a Mishoni kuti apemphere kwa Mulungu wao. Mapemphero anachitika, ndipo m'maŵa mwake mvula inagwa. Patapita miyezi yoŵerengeka, bwalo la M'mbelwa linavomera kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unawapeza a Koyi ali gone pa mphasa, akudwala kwakayakaya. Anaulandira ndi chiyamiko monga Simeoni wokalamba uja m'Kachisi, ndipo pa 4 Juni 1886 anatsikira kuli chete, ali ndi zaka 40. Anaikidwa pafupi ndi Sutherland.

Zokolola zinadza iwo atapita. Sukulu yoyamba inatsegulidwa pa Njuyu kumapeto kwa chaka chomwecho. Mishoni ya Ekwendeni inayamba mu 1889. Mu 1890 Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, aŵiri mwa anyamata a usiku aja, anakhala Angoni oyamba kubatizidwa kumeneko, ndipo Mawelera anadzakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo za Mpingo. Pofika 1898, pa msonkhano waukulu wa sakramenti ku Ekwendeni m'masiku a Donald Fraser, anthu zikwi zingapo anasonkhana, ndipo pakati pao panali amuna amene kale ankapita ku nkhondo.

Pa misonkhano ya Sinodi amaŵerenga malipoti a obatizidwa, a m'kalasi ndi a zopereka, ndipo n'koyenera kutero. Koma lipoti la a Koyi la zaka zinayi za pa Njuyu likanakhala pepala losalembedwa kanthu, ndipo komiti yofulumira ikanati malowo atsekedwe. Alipo abusa ndi alaliki amene aikidwa pa malo ouma, kumene chaka chimatha popanda chooneka, ndipo mtima umawauza kuti alembe kalata yopempha kusamuka. Alipo akulu a Mpingo amene amayesa mtumiki ndi chiŵerengero chokha. Onseŵa akumbukire manda aŵiri a pa Njuyu. Mwini munda ndi amene amadziŵa tsiku lokolola, ndipo kaŵirikaŵiri amapatsa chikwakwa munthu wina, osati amene anagwira khasu. Chimene anafuna kwa William Koyi n'chakuti akhale pa malo pamene anamuika kufikira tsiku lomuitana, ndipo iye anakhaladi.