CHARLES DICKENS: MLEMBI WA CHIKONDI CHA PABANJA

Tchuthi cha Khrisimasi chitayandikira, ndidabwereka kabuku kotchedwa A Christmas Carol. Nditakamaliza ndidafunitsitsa kudziwa moyo wa mlembi wake, ndipo zomwe ndidapeza ndizo ndafuna kukuuzani anzanga.

Charles Dickens adabadwa pa 7 February 1812 mumzinda wa Portsmouth ku Mangalande. Bambo ake ankagwira ntchito yaukalaliki, koma ndalama sizinkakhala m'manja mwawo. M'chaka cha 1824 adatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea ku London chifukwa cha ngongole, ndipo mayi ake ndi ana aang'ono adakakhala nawo komweko. Charles, ali ndi zaka 12 zokha, adatsala kunja. Ankamata mapepala pa mabotolo a polishi wa nsapato m'fakitale, malipiro ake masheleni 6 pa sabata. Chidamuwawa koposa nchakuti bambo ake atatuluka, mayi ake adafuna kuti iye azigwirabe ntchitoyo m'malo mopita kusukulu. Bala limeneli silidapole moyo wake wonse.

Atakula adayamba utolankhani, kenaka adatchuka ndi mabuku onga Oliver Twist. Kabuku ndanena kaja adakalemba kwa masabata 6 okha. Kadatuluka pa 19 December 1843, ndipo tsiku la Khrisimasi lisanafike, makope onse 6,000 oyamba adali atagulidwa.

Nkhani yake ndi ya Ebenezer Scrooge, mkulu wachuma koma wouma manja, wokhala yekhayekha. Kalaliki wake, Bob Cratchit, amalandira masheleni 15 pa sabata ndipo ali ndi mwana wolumala, Tiny Tim, komabe m'nyumba mwake muli chimwemwe. Mphwake wa Scrooge, Fred, satopa kuitana amalume akewo ku chakudya cha Khrisimasi ngakhale amamukalipira. Paja chibale ndi fupa, sichiola. Mizimu itamuonetsa zakale, zalero ndi zam'tsogolo, Scrooge atembenuka mtima napita kwa Fred. Ine ndiganiza kuti Dickens adalemba bwino chotere za banja chifukwa adalisowa ali mwana.

Koma pali china chomwe chidandikhumudwitsa. M'chaka cha 1836 adakwatira Catherine Hogarth ndipo adabereka naye ana 10. Patapita zaka 22, mu 1858, adapatukana naye, mtima wake utatengeka ndi mtsikana wochita zisudzo, Ellen Ternan. Catherine adachoka panyumba ndi mwana wachisamba yekha, ena onse adatsala ndi bambo wawo. Dickens adamwalira pa 9 June 1870 ali ndi zaka 58, asanabwererane ndi mkazi wake, ndipo adaikidwa ku Westminster Abbey.

Poyamba ndidakwiya naye. Zitheka bwanji munthu wophunzitsa dziko lonse chikondi kulephera pakhomo pake? Koma nditakhala pansi ndidadziona ndekha. M'kalasi ndimalemba zimangirizo zokoma za chikondi, koma ndikapita kwathu ndimanyinyirika amayi akandituma kumunda, ndipo azing'ono anga ndimawathamangitsa ati akundisokoneza kuwerenga. Kulemba za chikondi nkosavuta, kuchichita ndiye ntchito.

Anzanga, tikamanyamula zikwama kupita ku tchuthi, tikumbukire kuti Scrooge adapeza mpata wokonza zolakwa zake nthawi ikadalipo. Ine khasu ndikalitenga ndisanatumidwe.