CHARLES WYVILLE THOMSON: MPHUNZITSI AMENE ADAFUFUZA PANSI PA NYANJA

Pakati pa anthu amene adatsekula maso a dziko pa za zamoyo za m'nyanja zamchere, dzina la Charles Wyville Thomson silingaiwalike. Iye adabadwa pa 5 Malichi, 1830, ku Bonsyde pafupi ndi Linlithgow m'dziko la Scotland. Adayamba maphunziro a udokotala pa Yunivesite ya Edinburgh, koma mtima wake udali pa zomera ndi nyama. Motero adasanduka mphunzitsi wa zachilengedwe, naphunzitsa ku Aberdeen, ku Cork ndi ku Belfast.

Masiku amenewo ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti pansi penipeni pa nyanja ndi chipululu. Maganizowa adachokera kwa katswiri wina wotchuka, Edward Forbes, amene adafufuza m'nyanja ya Aegean m'zaka za 1841 ndi 1842. Forbes adaona kuti m'madzi osaya a m'mphepete mudali nkhono, nkhanu ndi ndere zochuluka, koma akamapita kwakuya mitundu yake inkacheperachepera. Tsono adaganiza kuti kupitirira mamita 550 kulibe chamoyo chilichonse. Zimenezi zidamveka zanzeru, pakuti kumeneko kuli mdima wandiweyani, kuzizira, ndiponso madzi a pamwamba amapsinja kolimba. Chimene Forbes sadadziwe n'chakuti pansi pa Aegean n'posowa chakudya kusiyana ndi nyanja zambiri.

M'chaka cha 1866 Thomson adapita ku Norway, kumene Michael Sars adamuonetsa zamoyo zimene mwana wake adavuula kuzilumba za Lofoten, pamalo akuya kuposa malire a Forbes aja. Pakati pa izo padali kanyama kokhala ndi phesi ngati duwa, kofanana ndi tinyama takale timene akatswiri ankangotipeza titauma m'miyala. Thomson adabwerera kwawo ali ndi funso limodzi: ngati moyo ulipo apa, kodi umalekezera pati?

Mothandizana ndi William Carpenter, iye adapempha boma, kudzera ku bungwe la Royal Society, kuti liwabwereke sitima yankhondo. Adapatsidwa Lightning m'chaka cha 1868, ndi Porcupine m'zaka ziwiri zotsatira. Chida chawo chachikulu chidali thumba la ukonde lokhala ndi chitsulo kukamwa, limene ankalitsitsa ndi chingwe ndi kulikoka pamatope a pansi. Kulitsitsa ndi kulikweza kamodzi kokha kunkatha maola ambiri. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha: m'chaka cha 1869 thumbalo lidatuluka ndi zamoyo kuchokera pakuya kwa mamita oposa 4,400. Chiphunzitso cha Forbes chidagwa. Chaka chotsatira Thomson adakhala mphunzitsi wamkulu wa zachilengedwe ku Edinburgh, pampando womwewo umene Forbes adakhalapo, ndipo m'chaka cha 1873 buku lake lotchedwa The Depths of the Sea lidasindikizidwa.

Ntchito yaikulu koposa idayamba pa 21 Disembala, 1872, pamene sitima ya Challenger idanyamuka ku Portsmouth, Thomson ali mtsogoleri wa akatswiri. Mizinga yambiri adaichotsa kuti zipinda zoyeseramo zinthu zipeze malo. Sitimayo idayenda makilomita oposa 127,000 m'nyanja za Atlantic, Indian ndi Pacific, nkuima pamalo 362 kuyesa kuya ndi kuzizira kwa madzi, ndi kuvuula za pansi. Pa 23 Malichi, 1875, pafupi ndi zilumba za Mariana, chingwe chidatsika mamita 8,184 chisanagunde pansi. Pofika kwawo m'mwezi wa Meyi, 1876, adali ndi mitundu ya zamoyo yoposa 4,000 imene sidalembedwepo ndi kale lonse. Kudadziwika kuti moyo ulipo kuyambira m'madzi osaya kufikira kumatope akuya, kumene zamoyo zambiri zimadya zofa zogwa kuchokera pamwamba.

Mfumukazi Victoria idamupatsa ulemu wa Sir, koma mtendere sadaupeze. Pofuna kuti zimene adabwera nazo zifotokozedwe bwino, iye adazitumiza kwa akatswiri oyenera ngakhale a maiko ena, monga Ernst Haeckel wa ku Germany ndi Alexander Agassiz wa ku America. Anzake ena a ku Britain adakwiya nazo, koma iye sadagonje. Akuluakulu osunga chuma cha boma nawonso ankamuumiriza kuti amalize msanga. Mikanganoyi pamodzi ndi kuchuluka kwa ntchito zidamufooketsa, ndipo adamwalira ku Bonsyde pa 10 Malichi, 1882, ali ndi zaka 52.

John Murray, amene adayenda naye pa Challenger, ndiye adatsiriza ntchitoyo: mabuku 50, omalizira ake atatuluka m'chaka cha 1895. Mtunda wa pansi pa madzi umene uli pakati pa Scotland ndi zilumba za Faroe ukutchedwa dzina la Wyville Thomson mpaka lero. Forbes adali munthu wamkulu, ndipo mawu ake adalemekezedwa zaka zoposa makumi awiri. Thomson sadawanyoze, adangotsitsa chingwe kuti aone yekha.