Daniel Kachamba: bandi yathunthu m'gitala imodzi

Tsiku lina ndikudikira minibasi ku Limbe, ndidaima pakhonde pomwe mnyamata wokonza mawailesi adali atatumbula gitala yamagetsi ngati nkhuku. Mawaya ali mbwee, kabatire ka 9V kali pambali. Mwini gitalayo amafuna amuikire piezo pansi pa nsambo, komanso soketi ina yopita ku synthesizer, ati gitala yomweyo idzilira ngati limba, lipenga kaya besi. Ine maganizo adathawira ku Chileka, kwa malemu Daniel Kachamba.

Ndifotokoze kaye za zipangizozi kuti timvane. Gitala yamagetsi wamba ili ndi maginito wokulungidwa waya, amene amamva kunjenjemera kwa nsambo yachitsulo. Piezo ndi ina: ndi kachidutswa komwe kamatulutsa magetsi ochepa kakapanikizika, chinthu chomwe abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, adatulukira mu 1880. Magetsiwo ngofooka, nchifukwa chake pamafunika batire lija. Ukaika kachidutswa pansi pa nsambo iliyonse, nsambo iliyonse imakhala ndi waya wakewake, ndiye makina atha kupatsa nsambo zazikulu mawu a besi, zazing'ono mawu ena. Kampani ya Roland ya ku Japan idatulutsa gitala yoyendera synthesizer mu 1977.

Komatu abale, zaka khumi a Roland asadatero, mnyamata wina m'misewu ya Blantyre adali atagawa kale nsambo zake motero, wopanda waya ngakhale mmodzi.

Daniel adabadwira ku Limbe konkuno mu 1947. Mu 1957 banja lawo lidapita ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, monga ankachitira anthu ambiri a ku Nyasaland. Kumeneko adamva kwela ya ku Joni, sinjonjo, saba-saba, lumba ya ku Congo, ndi hauyani, kaimbidwe kotsetsereka botolo kapena mpeni pansambo. Bambo ake, a James Kachamba, adalinso munthu wa gitala, choncho mwanayo sadayambire patchire. Atabwerera kumudzi kwa Singano ku Chileka, adayambitsa Kachamba Brothers Band ndi mng'ono wake Donald, yemwe ankaimba chitoliro. Zida zake zinali gitala, chitolirocho, chisekese ndi besi ya chingwe chimodzi yapabokosi. Holo yawo inali msewu, malipiro ake timakobidi ta odutsa.

Mumsewu momwemo ndi momwe Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, adawapeza mu 1967, nawajambula mawu ndi kanema yemwe. Mu 1972 maulendo akunja adayambika, kum'mawa kwa Africa mpaka ku Ulaya, ndipo mu 1974 buku la Kubik lonena za bandiyi lidasindikizidwa m'Chingerezi. Kwathu kuno wailesi ya MBC idamwaza nyimbo zake dziko lonse, anthu nkumangomuti Dokotala Kachamba.

Koma ine chimandiimitsa mutu ndi Daniel ali yekha ndi gitala. Nsambo imodzi ankaichotsa, nkutsala zisanu, ndipo ankazikunga mosiyanasiyana malinga ndi mtundu wa nyimbo. Kudzanja lamanja ankagwiritsa zala ziwiri basi. Chala chachikulu chimayendetsa besi osaphonya, chamkombaphala chikuyankha kunsambo zazing'ono, pakati pakepo nkumamveka kamvekedwe kena kachitatu komwe sungaloze chala chomwe chikukatulutsa. Pamwamba pa zonsezo iye akuimba. Womvera pawailesi amalumbira kuti ndi anthu atatu. Ntchito yomwe mnyamata wa ku Limbe uja amaisaka ndi mawaya asanu ndi mmodzi ndi yomweyi.

Sindikunyoza magetsi ayi. Gitala yopanda mkuzamawu imamira m'phokoso la msika wa Ndirande, ndipo piezo ikadamuthandiza Daniel kumveka mpaka kumbuyo kwa holo. Chondiwawa nchakuti kiyibodi italowa m'masitudiyo athu m'zaka za m'ma 1990, ambiri adaona ngati kuphunzira nsambo nkutaya nthawi, poti batani limodzi likupatsa ng'oma ndi besi. Funsani ophunzira a pakoleji lero za Jimi Hendrix, akuuzani mpaka mtundu wa gitala yake. Za munthu wa pa Chileka pomwepa amangodziwa dzina.

Daniel adamwalira pa 25 July 1987, zaka zake zisadapitirire 40. Donald adapitiriza kwela mpaka naye adatisiya mu 2001. Zambiri zomwe Kubik adajambula zidasungidwa ku Vienna, ndipo zidutswa za kanema uja zimapezeka pa YouTube. Ine ndabwereza kangapo pomwe kamera ikuonetsa dzanja lamanja, ndipo chala chachitatu sindidachione chikugwira ntchito.