Tawakali Sudi, Jumbe Wachitatu wa Nkhotakota

Dzina la Jumbe limadziwika ndi aliyense kuno ku Nkhotakota, koma ambiri amaganiza kuti linali la munthu mmodzi. Linali dzina la mpando, ndipo anaukhalapo anthu anayi: Salim bin Abdallah, Mwinyi Mguzo, Tawakali Sudi ndi Mwinyi Kheiri.

Woyambayo, Salim bin Abdallah, anali Mswahili amene anafika m'mbali mwa nyanja muno cha m'ma 1840. Anakhazikitsa doko kumene zombo za matanga zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa ulendo wa ku Kilwa. M'nthawi ya a Jumbe, Chisilamu chinazika mizu m'dera lino, ndipo ulimi wa mpunga unakula.

Tawakali Sudi, amene ankatchedwanso Mwinyi Kisutu, analandira mpandowo zinthu zitayamba kusintha. Anali ndi asilikali ake amfuti, ndipo ankalamulira ngati nthumwi ya Sultan wa ku Zanzibar. Koma Angerezi anali atafika kale pa nyanja, ndipo ku Karonga nkhondo ya Mlozi ndi kampani ya African Lakes inali itabuka mu 1887. Jumbe anayenera kusankha kumenyana nawo kapena kugwirizana nawo.

Mu 1889 Harry Johnston anafika ku Nkhotakota, ndipo Tawakali Sudi anasaina pangano lovomera chitetezo cha Britain ndi kusiya malonda a akapolo. Panganoli linateteza mudziwu kuti usawotchedwe pa nkhondo, koma linamudanitsa ndi ena mwa anthu ake. Mu 1893 nduna yake Chiwaula inamuukira, ndipo anachita kupulumutsidwa ndi asilikali a boma la atsamunda. Kuyambira pamenepo mphamvu zenizeni sizinalinso m'manja mwake.

Anamwalira mu 1894. Mwinyi Kheiri, amene analowa m'malo mwake, sanakhalitse: atsamunda anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo ufumu wa a Jumbe unathera pomwepo.

Ophunzirafe tiyenera kuidziwa mbiriyi mbali zonse ziwiri. Nyumba ya a Jumbe inatisiyira mizikiti ndi minda ya mpunga, komanso inalemera ndi misozi ya mabanja amene abale awo anawoloka nyanjayi osabwereranso. Zidzukulu za mbali zonsezi lero zimaswali pa mzere umodzi. Makolo, afotokozereni ana za mtundu wanu akuluakulu odziwa akadali moyo.