ÉDOUARD LUCAS: MPHUNZITSI AMENE ADAGONJETSA NAMBALA YA ZILEMBO 39

Édouard Lucas adabadwa m'chaka cha 1842 mu mzinda wa Amiens m'dziko la France. Atatsiriza maphunziro ake ku École Normale Supérieure, adayamba ntchito ku nyumba yopimira nyenyezi ya ku Paris, ndipo pa nkhondo ya 1870 ya pakati pa France ndi Prussia adali msilikali wa mizinga. Nkhondo itatha adakhala mphunzitsi wa masamu m'sukulu za sekondale.

Mtima wake udali pa nambala zosagaŵika, ndiye kuti nambala zimene zimagaŵika ndi 1 ndi izo zomwe basi, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11. Pakati pa izo pali mtundu wotchedwa nambala za Mersenne, dzina la wansembe wa ku France amene adalemba za izo m'chaka cha 1644. Nambala zimenezi zimapezeka pochulukitsa ma 2 angapo n'kuchotsapo 1. Ma 2 atatu amabala 7, ma 2 asanu amabala 31, ndipo zonse ziŵirizi nzosagaŵika. Koma ma 2 okwana 11 amabala 2,047, imene imagaŵika ndi 23 ndi 89. Mersenne adanena kuti ma 2 okwana 127 amabala nambala yosagaŵika, koma umboni sadapereke.

Nambalayo ili ndi zilembo 39. Kuiyesa pogaŵa ndi nambala imodziimodzi ndi ntchito yosatheka ngakhale pa mibadwo zikwizikwi. Lucas adaona kuti kugaŵa kotereku nkosafunika. Njira yake, monga adaikonzera D. H. Lehmer m'chaka cha 1930, imayambira pa 4. Nambala iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yomwe n'kuchotsapo 2, ndipo pamatuluka mndandanda uwu: 4, 14, 194, 37,634. Poyesa 7 amaona nambala yachiŵiri, 14, imene imagaŵika ndi 7 popanda chotsala. Poyesa 31 amaona yachinayi, 37,634, imenenso imagaŵika ndi 31. Chotsala chikapezeka, ndiye kuti nambala yoyesedwayo njogaŵika.

M'chaka cha 1876 Lucas adatsimikiza, popanda makina, kuti Mersenne adanena zoona. Padapita zaka 75 asadapezeke munthu wodziŵa nambala yosagaŵika yoposa imeneyi, ndipo amene adaipeza m'chaka cha 1951 adachita kuthandizidwa ndi makina.

Lucas adakondanso maseŵera a masamu, ndipo m'chaka cha 1883 adatulutsa seŵero lotchuka la Nsanja ya Hanoi. Imfa yake idadza modzidzimutsa m'chaka cha 1891. Pa phwando lina woperekera zakudya adagwetsa mbale, phale lake n'kumcheka patsaya. Bala lidatukusira, ndipo adamwalira patapita masiku oŵerengeka ali ndi zaka 49.

Njira yake sidafe naye. Nambala yosagaŵika imene makompyuta adapeza m'chaka cha 2024, ya zilembo zoposa 41 miliyoni, idatsimikizidwa ndi njira yomweyi ya mphunzitsi wa sekondale.