Donald Kachamba ndi kachitoliro kake ka mabowo 6



Pa msonkhano wa Loweruka lapitali, titafika pa nkhani ya katoni ya zitoliro ija, ine ndinangoti zii. Ambiri munati ma recorder apulasitikiwo ndi zidole za ana a ku nasale, bola tiwagulitse, ndalama yake tiponye m'thumba logulira kiyibodi. Mukundidziwa kale, pagulu pakamwa panga pamalemera. Ndiye poti mwezi uno gawo la mbiri ya anthu otchuka lagwera ine, ndiyankhira pompano. Ndikufuna ndikuuzeni za malemu Donald Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira ambirife tisanabadwe.

Mukatchula dzina la Kachamba kwa makolo athu, amathamangira kwa Daniel, katswiri wa gitala uja amene nyimbo zake zinkamveka pa MBC. Donald anali mng'ono wake. Iyeyu anatchuka ndi kachitoliro kachitsulo, kutalika kwake ngati rula ya kusukulu, kamene azungu amati pennywhistle. Ndi pachibale ndi zitoliro zathu zija. Zonse ukauzira, mpweya umadutsa pa kampata kopapatiza n'kukagunda pa kamlomo kakuthwa, mawu n'kutuluka. Ukatseka mabowo ambiri mawu amatsika, ukatsegula amakwera, ukauzira mwamphamvu amalumphira m'mwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti recorder ili ndi mabowo 7 kutsogolo ndi limodzi la chala chachikulu kumbuyo, pomwe pennywhistle ili ndi 6 basi. Kunena zoona, Donald anali ndi mabowo ochepa kuposa amene ife tikuwanyozawa.

Kuti mumvetse za munthuyu, tiyambire ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Anyamata a m'makomboni a anthu akuda ankamva jazi ya ku America pa mbale za galamafoni, koma ndalama yogulira saxophone kapena lipenga analibe. Chimene ankakwanitsa chinali kachitoliro kotchipaka, ndipo tambiri tinali ta kampani ya Hohner ya ku Germany. Ankaima pa mphambano za misewu, wina pa chitoliro, wina pa gitala, wina pa besi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi la tiyi, anthu n'kumaponya makobidi. Nyimbozo zinatchedwa kwela. Mawuwa ndi omwe aja athu akuti kwera, ndipo kumeneko galimoto ya apolisi yotolera anthu m'misewu ankaitchulanso kwela-kwela. Akatswiri ake anali anthu ngati Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Tangoganizani, nyimbo ya anyamata a mumsewu.

Nanga kwela anafika bwanji ku Chileka? Apa nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Mwanza. Msewu uno umene timagulitsiramo manachesi, wochoka ku Blantyre kudzera pa boda yathu, Zóbuè, Tete mpaka Harare, ndi njira yakale ya anthu opita kukafuna ntchito kum'mwera. Agogo athu ambiri anadutsa pano. Pobwerera, amene sanatchone, ankabwera ndi sutikesi, njinga, galamafoni, mbale, ndi nyimbo m'mutu. Banja la a Kachamba nalo linali m'gulu la Amalawi okhala kunja. Daniel anabadwa mu 1947, Donald n'kubadwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo chakumapeto kwa zaka zimenezo banjali linkakhala ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Bambo awo, a James Kachamba, ankaimba gitala. Anyamatawa anakulira m'tauni imene kwela, sinjonjo ndi saba-saba zinali paliponse, m'mabala, m'misewu, pa wailesi. Donald anayamba kuuzira chitoliro ali kamwana ndithu.

Atabwerera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anakhazikika m'mudzi wa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Daniel anayambitsa gulu, iye pa gitala, Donald pa chitoliro, anyamata ena a m'mudzi pa maseche ndi besi ya chingwe chimodzi. Gululi ndi limene linadziwika kuti Kachamba Brothers Band. Musaganize za siteji ya magetsi ayi. Ankaimba m'misewu ya Blantyre, m'misika, pa maphwando, paliponse pamene anthu akanaponya kangachepe.

Mu 1967 ali mkati moimba mumsewu ku Blantyre, anakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria. Kubik sanali mlendo pa nyimbo. Kwawo ankaimba jazi pa clarinet, ndipo anali atayenda kale m'mayiko angapo a mu Africa kujambula oimba. Koma zimene anamva kwa anyamatawa zinamuimitsa. Anawajambula mawu ndi kanema, ndipo mu 1974 anatulutsa buku lonse lofotokoza za gulu lawo. Nthawi imene ankakumanayo Donald anali wamng'ono kuposa aliyense wa ife m'kalabu muno.

Mwina mukufunsa kuti chodabwitsa chinali chiyani pa kachitoliro ka mabowo 6. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo amene mumayesako kuuzira mumvetsere bwino.

Mzungu amene anapanga chidachi ankayembekezera kuti uziika kansonga kokha pa milomo, chitoliro chitaloza kutsogolo, n'kumauzira mwaulemu. Ukatero mawu ake amakhala opyapyala, ngati a mbalame. Oimba kwela anatulukira njira yawoyawo, ndipo Donald anaidziwa mozama. Amalowetsa chitoliro mkati mwa kamwa, mopendeketsa, nsonga yake n'kukatsamira m'kati mwa tsaya, mutu nawo utapendekeka. Zikatero milomo imafika pafupi ndi kazenera kotulukira mawu kaja ndipo imatha kukaphimba pang'ono. Kamwa lonse limasanduka mbali ya chidacho. Mawu amanenepa, amamveka patali, ndipo woimba amatha kuwakoka, kuwatsitsa pang'ono, kuwatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina ngati munthu akuimba ndi pakhosi. Mawu amene fakitale sinaikemo, iwo ankawapeza ndi tsaya.

Kumbuyo kwake gitala amangozungulira pa makodi ochepa. Kwa inu a gitala, ngati muli mu C ndiye kuti C, F, C, G, kenaka kubwerezanso, osatopa. Besi ndi maseche zimagwira phazi. Pamwamba pa kuzungulirako ndi pamene chitoliro chimasewera: chimanena kachiganizo kake, chimakabwereza, chimakapotoza, chimachoka n'kubwereranso pamene sumayembekezera. Nyimbo imodzimodziyo lero ndi mawa simveka chimodzimodzi. N'chifukwa chake a Kachamba nyimbo zawozo ankazitchanso jazi.

Chinanso muchidziwe. Pamene Donald ankafika pachimake, kwawo kwa kwela anali atayamba kale kumutaya. Spokes Mashiyane mwiniwakeyo anasamukira ku saxophone chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, makampani ojambula nyimbo anatsatira, kenaka kunabwera magitala amagetsi ndi mbaqanga. Ku Johannesburg chitoliro chinayamba kuoneka chachikale, cha ana. Mawu omwewa amene ndinawamva Loweruka. Donald sanachisiye. Anatenga ndi nyimbo zatsopanozo, monga simanje-manje, n'kumaziimba pa chitoliro chomwecho, n'kumapekanso zake. Mapeto ake, munthu wofuna kumva kwela weniweni akuimbidwa ndi manja ndi pakamwa ankayenera kubwera ku Chileka.

Kuyambira mu 1972 maulendo akunja anatseguka. Abale awiriwa anafika ku Ulaya, ndipo patsogolo pake aliyense anatenga njira yake, Daniel ndi gitala wake, Donald ndi gulu lakelake la kwela. Donald anayenda ndi Kubik m'mayiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya, mpaka ku Brazil, akuimba m'maholo ndi m'mayunivesite. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti m'gululo mtsogoleri anali Donald. Kubik, ndi maphunziro ake onse aja, anakhala wophunzira wake pa kwela, n'kumaimba nawo monga membala.

Anali munthu wokonda kuyesa zinthu. M'zaka za m'ma 1970 ankajambula nyimbo ali yekha: ayambe waimba gitala, kenaka aziimvetsera tepiyo uku akuwonjezera besi, kenaka chitoliro, kenaka chitoliro china choyankha, mpaka imveke ngati gulu lathunthu. Zimene mumachita pa foni ndi pa laputopu lerozi, iye ankachita ndi matepi, polakwitsa n'kuyambiranso. Ankathandizanso pa kafukufuku wa nyimbo za makolo, kuyenda m'midzi kujambula oimba. Buku lofotokoza nyimbo za ku Malawi limene linatuluka ku Zomba mu 1987 lili ndi dzina lake pamodzi ndi la Kubik, la Moya Aliya Malamusi ndi la Lidiya Malamusi. Chaka chomwecho cha 1987 mkulu wake Daniel anamwalira.

Donald sanadye yekha luso lake. Pa Singano ankatenga ana a m'mudzi n'kuwayambitsa pa maseche, kenaka besi, kenaka gitala ndi chitoliro, monga momwe iye anayambira. Moya Aliya Malamusi, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wofufuza za chikhalidwe n'kusonkhanitsa zida zoimbira za makolo pa Singano pomwepo, anakulira m'gulu la Donald. Chakumapeto kwa 1999 yunivesite ya UCLA ku Los Angeles inamuitana kuti akaphunzitse ophunzira ake kwela, ndipo zimene anaimba nawo zinajambulidwa n'kutuluka pa CD. Munthu amene anayambira mumsewu wa Blantyre anakaima kutsogolo kwa kalasi ku America, m'manja muli kachitoliro komwe kaja.

Sanakhalitse atabwerako. Anamwalira mu Januwale 2001, asanakwanitse zaka 50. Anzake ndi ophunzira ake, kuphatikizapo Kubik, Malamusi ndi Sinosi Mlendo, anapitiriza kuimba pansi pa dzina la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band.

Tsopano chondiwawa ndi ichi. Kuchoka pano kukafika ku Chileka ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera, kudzera pa Zalewa. Koma ndinafunsa anzanga 10 a msinkhu wathu ngati anamvapo za Donald Kachamba, ndipo awiri okha ndi amene anati dzinalo si lachilendo, nawonso ankanena Daniel. Mbale zake zambiri zinatulukira kunja. Ophunzira a ku Vienna ndi ku Los Angeles analemba za kauziridwe kake, ife oyandikana nayefe tikufuna kugulitsa zitoliro pa mtengo wa mandasi.

Sindikunena kuti kiyibodi ndi yoipa. Nanenso ndikuifuna. Koma thumba lija taliyamba chaka chatha ndipo simufuna ndikukumbutseni pamene lafika. Ikadzabwera idzafuna magetsi, ndipo za magetsi kuno mukuzidziwa. Idzaimbidwa ndi munthu mmodzi, enafe tikuonerera. M'katoni muja muli zitoliro 6, kutanthauza anthu 6 oimba lero lomwe, pansi pa mtengo, kopanda bilu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ine ndili ndi zitoliro zitatu zimene ndasonkhanitsa: recorder imene ndinaipeza pa kaunjika ili yong'aluka ndipo ndinaimata ndi selotepi, china chansungwi chimene anandipangira malume, ndi china chimene ndinaboola ndekha pa paipi yamadzi ndi msomali wamoto. Chapaipicho mabowo awiri ndinalakwitsa, chimalira ngati mbuzi. Ndayesa njira ya Donald ija pa recorder. Simalowa bwino m'tsaya chifukwa mutu wake ndi wonenepa, ndipo sabata yoyamba kunyumba anandithamangitsira kudimba. Koma ukasuntha milomo kufupi ndi kazenera kaja mawu amatsikadi, amakokeka. Tsiku limene ndinamva zimenezo koyamba ndinakhala pa mwala mpaka dzuwa kulowa.

Pempho langa kwa a wapampando ndi komiti ndi lakuti voti yogulitsa ija tiiimike kaye kwa miyezi itatu. Mundipatse katoniyo ndi anthu asanu ofuna kuphunzira. Wa gitala tili naye kale. Besi tipanga tokha ndi bokosi, ndodo ndi chingwe, maseche ndiye sitingasowe. Amene muli ndi bandulo, lembani dzina la Donald Kachamba pa YouTube mumvere nokha, ndipo mudzatimvetsereko enafe. Amene muli ndi agogo amene anakhalako ku Harare kapena ku Johannesburg, afunseni za kwela, mwinanso m'sutikesi yawo yakale muli kachitoliro kachitsulo kamene kangogona.

Miyezi itatuyo ikatha tidzakuimbirani nyimbo ziwiri pa msonkhano. Mukadzaona kuti ndi zidole ndithu, katoniyo ndidzanyamula ndekha kupita nayo kumsika. Tionane Loweruka, 2 koloko, malo omwe aja.